Si wa m'mphepete mwa kalata

Kristina anafika ndi mpukutu wa mapepala Lolemba masana, ana a sukulu atangoweruka. Anauika patebulo la Anjelina n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu yake.

"Katundu wanu uyo, aphunzitsi. Miyendo yangayi idzakuimbani mlandu tsiku lina."

"Zikomo achemwali. Kumisheni kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Ena ake aja akupatsani moni, koma nkhope ngati amwa kwinini."

Chaka chimenecho, 1951, misheni inkasindikiza kabuku ka nyimbo. Chinyanja cha Bambo Mfumu chinali chotsimphina, ndiye mapepala oyesera, aja amadinda koyamba kuti zolakwa zigwidwe buku lisanatuluke, ankawatumiza kwa Anjelina, mphunzitsi wa atsikana pa kasukulu ka kufupi ndi Namitambo. Mtsikanayu anali ndi diso loopsa. Mpumiro ukasowa ankaugwira, chilembo chikagona chadodolido ankachidzutsa. Wosanja zilembo kumakinako anali Kalisto, mnyamata wofatsa, wa zala zakuda ndi inki, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri pakati pa nyimbo zopatulikazo pankabisala timakalata tomwe Bambo Mfumu sanatidalitse. Kristina ankachapa nsalu kuchipatala cha misheni, koma kwawo kunali kutsidya kwa dambo la kwa Anjelina. Choncho ndiye ankanyamula zonse, zoyera ndi zinazo.

Anjelina anadikira kuti mnzakeyo apotoloke, kenaka anafunyulula mpukutuwo. Kalata inalimo, pansi pa nyimbo ya Maria. Inali yaifupi, yolembedwa ndi inki:

Anjelina wanga,
Ndibwera ndi amalume Loweruka kudzaonekera kwanu. Ndikukufuna.
Ndine Kalisto.

Amenewo ndiwo mawu omwe anawadikira miyezi yonseyi, koma chimwemwe sichinafike ndi pakhosi pomwe. Patsogolo pa Ndibwera wina anali ataikapo kadenga, kachizindikiro kaja kosonyeza kuti apa pasowa kanthu, ndipo m'mphepete mwa pepala analemba ndi pensulo kuti Si. Patsogolo pa Ndikukufuna panali kadenga kena, m'mphepete Si winanso. Anjelina anawerenga monga ankawerengera tsiku ndi tsiku, kulowetsa za m'mphepete m'malo mwake. Sindibwera. Sindikukufuna.

Anakhala pa benchi la ana. Zilembo ziwiri zokha, anthuni, zomwe ngakhale mwana wa Sabu A amalemba osatuluka thukuta! Analira pang'ono, kenaka anapsa mtima, ndipo kupsa mtimako kunamunong'oneza kuti inki ndi ya Kalisto koma pensulo ndi ya munthu wina.

*

Lachiwiri anaweruka msanga n'kuuyamba wa kumisheni, wapansi. Atsikana sankaloledwa kulowa m'nyumba ya makina, ndiye anangoima pawindo n'kutsokomola kawiri. Kalisto anatuluka akupukuta manja ndi chisanza, ndipo anakumana kuseri, pansi pa mabulugama.

"Waswera bwanji, Anjelina? Mtunda wonsewu wekha?"

"Kuswera tifunsana bwino. Kalata iyi ndi yanu, a Kalisto?"

Kalisto anaiyang'ana nthawi yaitali, ngati kuti ndi tsamba lathunthu.

"Inkiyo ndi yanga."

"Nanga pensuloyi?"

Mnyamatayo anapinda chisanza chake, anachifunyulula, anachipindanso.

"Anjelina, kalata isanafike kwa iwe, imadutsa kwa anthu angati?"

"Mmodzi yekha."

"Ndiye ine ndinenenji?"

Sananene china, koma Anjelina anamalizitsa yekha. Anakumbukira kuti pa Pasaka Kristina anamutengera Kalisto mtedza wokazinga m'kansalu. Anakumbukiranso tsiku lina akuwoloka dambo, Kristina akuusa moyo, amvekere amuna ofatsa ngati a Kalisto sapezekapezeka. Zinthu zimene anaziseka nthawi imeneyo zonse zinadzuka n'kukhala mboni.

"Ndinadziwa ine! Njoka ija, kumandisekerera chikhalirecho ikundilumira pansi!"

"Usakamuyambe. Zisiye zimenezo."

"Ndizisiye? Nanga Loweruka?"

"Amalume a Bonifasio anena kuti Loweruka afika kwanu. Zimenezo ndiye zoona."

Anjelina anamva zimene ankafuna kumva. Diso lake ndi lomwe linali la ukatswiri, khutu linali la mtsikana wamba wokonda mnyamata. Anabwerera kwawo akuimba nyimbo za m'mapepala aja, ndipo mtunda sanaumve.

*

Madzulo omwewo anauza amayi ake, a Magdalena, kuti Loweruka kubwera alendo. Mawa lake anakauza amalume ake a Goliati, eni mbumba, kenaka azakhali, kenaka aliyense amene anamupatsa moni panjira. Pofika Lachitatu madzulo chimera chinali chitasinjidwa, bwalo litasesedwa mpaka kumiyala, ndipo atsikana ake kusukulu ankangotsinana iye akatembenukira kubolodi.

Chokhacho chimene chinkamudya chinali Kristina. Kalisto anati azisiye, koma mtima wa Anjelina sunali wosiya zinthu. Munthu amene sankagona tulo chifukwa cha mpatuliro umodzi wolakwika, akanagona bwanji mdani akutunga naye pachitsime chimodzi?

*

Lachinayi m'mawa anamupeza pachitsimepo, pali amayi asanu ndi mitsuko yawo.

"Achemwali, ndimati ndikuthokozeni. Ntchito ija munaigwira bwino."

"Ntchito iti, aphunzitsi?"

"Yolemba. Sindinkadziwa kuti kuchipatala amakuphunzitsaninso kutsegula makalata a eni ake."

Mitsuko yonse inatsika pansi. Pachitsime nkhani yotere siitanirwa anthu. Anjelina ananena zonse, za mtedza wa pa Pasaka, za kuusa moyo kwa padambo, ndi zina zomwe sitingazilembe pano chifukwa ananena ndi mphunzitsi. Anamutchula Kristina kuti wanjiru, wolanda amuna a eni, mbeta yosowa woifunsira. Kristina anangoima, madzi akudontha m'zigongono.

"Mwatha?" anafunsa. "Bweretsani ndiuone mlandu wangawo. Sukulu ndinalekeza panjira, koma kuwerenga ndimawerenga."

Anjelina anamuponyera kalatayo. Kristina anapukuta manja, anaitola, n'kuiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atamaliza anakwinya nkhope.

"Si ameneyu akutani kumphepete kuno?"

"Musandifunse ine. Munamuika ndinu."

"Ine ndikanafuna kukuwonongerani kalata, ndikanamulemba pamwamba pomwepo, pamene pali mawupo. Kumphepete kuno akudikira ndani? Nanga kanyumba aka n'kachiyani? Ndipo N uyu wamutema ndani? Onse awiri awatema pakati."

Anjelina anailanda kalatayo. Zinalidi choncho. N wamkulu wa Ndibwera anali ndi kamzere kopendekera pakati, chizindikiro chouza wosanja zilembo kuti chilembo chachikulu chikhale chaching'ono, poti tsopano sichikuyambanso mawu. N wa Ndikukufuna chimodzimodzi. Pansi pa S aliyense panali timizere titatu, kutanthauza kuti ameneyu ndiye akhale wamkulu. Munthu wanjiru amawononga mothamanga, mtima uli phaphapha. Uyu sanawononge. Anakonza, mwaukhondo, motsata lamulo lonse la kumakina, osaiwala kanthu.

Zizindikiro zimenezo Anjelina ankaziona tsiku lililonse, n'chifukwa chake diso lake linangodutsapo ngati panjira ya kwawo. Koma m'dera lonselo ozidziwa anali atatu okha. Woyamba anali Bambo Mfumu, amene za kalatayi sankazidziwa n'komwe. Wachiwiri anali iye mwini.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

"A Kalisto ndinkawafuna, inde, sindibisa," anatero Kristina akusenza mtsuko wake. "Koma makalata anu ndanyamula miyezi seveni, mvula ndi dzuwa, osatsegula ndi imodzi yomwe. Lero mwandivula pamaso pa amayi awa. Kuyambira pano muzinyamula nokha."

"Achemwali, pepani. Ndakulakwirani."

"Pepaniyo mukamulembe kumphepete."

Amayi aja anaseka, ena mobisa, ena osabisa. Anjelina anabwerera kunyumba ndi mtsuko wopanda madzi.

*

Lachisanu sanatsokomole pawindo. Anaitana dzina lenileni, mokweza, mpaka nkhunda za padenga zinauluka. Kalisto anatuluka mothamanga n'kumukokera kumabulugama kuja.

"Ukufuna Bambo Mfumu amve?"

"Amve. Mwina iwo andiuza zoona. A Kalisto, Kristina amadziwa kutsitsa chilembo chachikulu?"

Kalisto anayang'ana pansi.

"Amadziwa timizere titatu? Ndikufunsa inu. Munamuphunzitsa liti?"

"Anjelina, tamvera."

"Ndamvera kale Lachiwiri, ndipo kumvera kwangako kwandinyozetsa munthu wosalakwa pachitsime. Munaima pompano, pamtengo womwewu, n'kundiloza njira ya kwa Kristina. Pakamwa panu sipanatuluke bodza, eti? Munangondipatsa kuti ndilinene ndine."

"Ndinkafuna nthawi. Ndimati mwina zisintha."

"Zisintha ziti?"

Apa Kalisto anafotokoza, mawu akutuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. Kalatayo anailemba Lamulungu m'mawa, mtima uli mbee. Asanaipinde anakaionetsa kwa amalume ake a Bonifasio, poganiza kuti akondwera. A Bonifasio anaiwerenga n'kunena kuti zimenezo sizitheka, ndipo amuuze mtsikanayo msanga.

"Chifukwa?"

"Za kubanja."

"Ine ndi wa kutchire? Chabwino, za kubanja. Nanga pepala lina munalibe? Nyumba yonseyi yadzaza mapepala. Munalephera kulemba kalata ina yondikana ngati munthu?"

"Ndinayesa. Dzanja linakana. Ndi inki sindikanatha kulemba mawu amenewo, Anjelina. Ndinati bola pensulo, pensulo imafufutika."

Mawu amenewa anamulasa Anjelina kuposa Si uja, chifukwa anali okoma, ndipo anaona kuti mtima wake wopusawo wayamba kale kuwatsegulira chitseko. Anadzida. Anapisa m'thumba la diresi n'kutulutsa pensulo yake yowerengera mapepala.

"Safufuta, a Kalisto. Inu mukudziwa zimene timachita munthu akakonza pamene panalibe cholakwa. Timaika timadontho pansi pake, kuti wosanja adziwe kuti zisiyeni mmene zinalili. Nayi pensulo, nayi kalata. Ikani timadontho pansi pa Ndikukufuna, ine ndipita kwathu, ndipo za amalume anu tikalimbana nazo tonse awiri."

Kalisto analandira pensuloyo. Anatsamiritsa kalatayo pamtengo. Nsonga ya pensulo inafika pansi pa N n'kuima. Timadontho tingati, anthuni? Mwana amatiika akusewera.

Belu la pemphero la Angelo linalira kutchalitchi. Kalisto anachotsa chipewa, anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo belulo litatha anamubwezera zonse ziwiri, kalata ndi pensulo. Papepalapo panalibe kadontho ndi kamodzi komwe.

"Sindingathe lero."

"Ndiye amalume anuwo akubwera kudzatani mawa? Kwathu aphika thobwa. Mudzi wonse ndauuza ndi pakamwa pangapa."

"Akubwera ndithu. Zinazo ukamva komweko."

"A Kalisto, ndinakukondani ine. Ndikukuuzani kuti mudziwe chimene mwataya."

Anatembenuka osadikira yankho. Panjira analira mokweza, osasamala za anthu opita kumsika, ndipo chomupweteka kwambiri chinali chakuti pansi pa mkwiyo wonsewo kachiyembekezo kanali kakadali moyo. Ankati mwina mnyamatayo agona nazo, mwina alimba mtima, mwina a Bonifasio akadzaona pakhomo pawo afewa.

*

Loweruka dzuwa litangokwera pang'ono, alendo anatulukira kunjira ya kudambo. Anjelina anawaona ali m'nyumba, pa kampata ka chitseko, amayi ake ndi azakhali atamuzungulira. Patsogolo panali a Bonifasio ndi ndodo yawo. Pambuyo pawo panali Kalisto, atavala jekete la ku Misa.

Wabwera! Zonse za dzulo Anjelina anazikhululuka nthawi yomweyo, mopanda ndi manyazi omwe.

Panalinso munthu wachitatu, wamtali, wa chipewa cha nthenga, akukankha njinga yonyezimira. Ameneyu anali Silvesta, mkulu wake wa Kalisto, yemwe anabwera kuchokera ku Joni mwezi wathawo. Anjelina anangomuonapo kamodzi kutchalitchi. Silvesta sanafike pamphasa, anakaima pansi pa mtengo wa mango ndi njinga yakeyo.

A Goliati analandira alendo. Anafunsana za mmene adzukira, za mvula, za nandolo, ndipo thobwa linazungulira. Kenaka a Bonifasio anakonza kukhosi.

"Ife sitinabwere kudzamwa thobwa lokha ayi. Taona mbeta pakhomo pano, ndiye tati tidzapemphe malo."

"Mbeta ilipo," anayankha a Goliati. "Tambala wake ndi uti?"

"Nkhoswe yaing'ono inene. Kalisto, lankhula."

Nkhoswe? Anjelina anaganiza kuti khutu lamunamiza. Mwini ukwati sakhala nkhoswe. Koma Kalisto anali atakhaladi pamphasa ya ankhoswe, chipewa chili pabondo, maso ali pa nyerere za pansi.

"Ndi achimwene anga a Silvesta," anatero.

Azakhali anayamba nthungululu m'nyumba muja. Anjelina anagwira mkono wa amayi ake.

"Amayi, anena Silvesta."

"Ndamva."

"Simukudabwa?"

A Magdalena anakonza duku lawo, lomwe linali lokonzeka kale.

"A Bonifasio anadzera kuno Lamulungu madzulo. Wamkuluyo anakuona kutchalitchi n'kukufuna, ndipo kwawoko wamng'ono sadumpha mkulu. Kalisto anauzidwa, anamvetsa."

"Lamulungu? Ndiye ine ndikubwera Lachiwiri ndikuvina pakhomo pano, inu mukudziwa? Amalumenso akudziwa?"

"Tsitsa mawu. Ukanamva msanga ukanathawira kwa masisitere, timakudziwa. Banja ndi lomwelo, mwanawe. Wamkuluyo wayenda, waona dziko, sangakuvutitse. Winayo ndi mwana, taona mmene wakhaliramo."

Anjelina anawayang'ana amayi ake, mayi womubala, amene sabata yonse ankasinja chimera akumufunsa kuti adzavala diresi iti. Anafuna kulira koma misozi inali itathera panjira dzulo.

"Anjelina!" anaitana a Goliati panja. "Tabwera kuno, udzatiuze ngati anthu awa ukuwadziwa."

Amayi ake anamukankha pang'ono kumsana. Anatuluka, anayenda pabwalo losesedwa lija, n'kugwada chapatali ndi mphasa monga mwa mwambo. Anthu a m'mudzi anali atadzaza kumipanda. Silvesta anavula chipewa chake n'kumwetulira, kumwetulira kwa munthu wosadziwa kanthu, ndipo Anjelina anazindikira kuti pabwalo lonselo opusitsidwa anali awiri.

"Amalume," anatero, mawu ali bata, "funso limenelo musayambe ndi ine. Yambani ndi a nkhoswe aang'onowo. Anene pano, pamaso pa achimwene awo, ngati iwo akundidziwa ine."

A Bonifasio anagogoda ndodo pansi. A Goliati anatsegula pakamwa kuti amudzudzule, koma Silvesta anawatsogolera. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kuyandikira mphasa, kumwetulira kuja kutazima.

"Kalisto, mtsikanayu akutanthauza chiyani? Pali nkhani imene sindinauzidwe?"

Kalisto anadzutsa mutu. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamuyang'ana Anjelina m'maso, ndipo Anjelina, wosamva uja, anadikirabe. Mnyamatayo anayang'ana amalume ake, anayang'ana mkulu wake, kenaka anayankha.

"Ndi aphunzitsi amene amatikonzera zolakwa kumakina, achimwene. Kupitirira apo, iyayi."

A Goliati anapumira m'mwamba n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Basi, palibe mlandu. Anjelina, anthu akudikira iwe."